Dzenje likadzaza pa Ndunde, zonyansa zidzapita kuti?

Pa Ndunde, m'boma la Chiradzulu, palibe mapaipi a suweji odutsa pansi pa msewu monga zilili m'madera ena a mumzinda wa Blantyre. Madzi ochapira ndi otsukira mbale amakhuthulidwa kuseri kwa nyumba, a m'bafa amatsata kangalande mpaka nthaka iwamwe, ndipo zonyansa za anthu zimagwera m'dzenje. Dzenjelo likadzaza, banja limafotsera n'kukumba lina pambali pake. Njira imeneyi yatumikira midzi yathu kwa zaka zambirimbiri, koma imadalira chinthu chimodzi chimene Chiradzulu alibe chokwanira: malo.

Kalembera wa 2018 anapeza kuti bomali lili ndi anthu oposa 350,000 pa malo osakwana masikweya kilomita 800. Izi zikutanthauza anthu pafupifupi 470 pa sikweya kilomita imodzi, pamene dziko lonse chiwerengerocho chinali 186. Kupatula mizinda ndi chilumba cha Likoma, kulibe boma lina kumene anthu akhala mothithikana chotere. Pamalo a malonda ngati Ndunde, pamene pali msika, chipatala, masukulu ndi nyumba za lendi zomangidwa mogundana, dzenje latsopano limayamba kuyandikira khitchini ya mnansi kapena chitsime chimene anthu amatungapo.

Palinso vuto lachiwiri. Aliyense amafuna madzi a mumpopi afike pakhomo, ndipo n'zoyenera kutero. Koma walira mvula walira matope. Akatswiri okonza mapulani a suweji amawerengera kuti pa malita 10 alionse amene alowa m'nyumba, pafupifupi 8 amatulukamo ali oipa. Banja limene limatunga pamjigo limagwiritsa ntchito madzi mosamala chifukwa ndowa imalemera. Mpopi ukafika pakhomo, pakabweranso chimbudzi chogejemula, madzi oipa amachuluka kangapo. Funso la kumene madziwo adzapite ndi loyenera kuliyankha mpopi usanafike.

Zimene kolera ndi Freddy zinaulula

Mliri wa kolera umene unayamba mu Malichi 2022 unali woopsa kuposa mliri wina uliwonse wa kolera m'mbiri ya dziko lino. Anthu oposa 58,000 anadwala ndipo oposa 1,700 anamwalira. Matendawa anafika m'maboma onse, ndipo anapitirira ngakhale m'chilimwe, nyengo imene kale tinkati kolera amapuma. Mu Disembala 2022 boma linalengeza kuti mliriwu wafika poopsa, ndipo mu Febuluwale 2023 linakhazikitsa kampeni ya Tithetse Kolera.

Mwezi wotsatira kunabwera namondwe wa Freddy. M'dziko lonse anthu oposa 600 anamwalira, mazana ena sanapezeke, ndipo oposa theka la miliyoni anasowa pokhala. Ku Chiradzulu, matope ndi miyala zochokera m'phiri zinakokolola mudzi wa Ntauchira m'dera la Mfumu Yaikulu Likoswe. Pambali pa nyumba ndi minda, mvula ija inagwetsa zimbudzi zambiri m'chigawo cha kummwera. Maenje osawakidwa njerwa anagumuka, ena anasefukira, ndipo zimene zinali m'katimo zinatsata madzi kupita m'zitsime ndi m'madimba.

Kwa zaka zambiri, uthenga wa alangizi a zaumoyo wakhala wakuti khomo lililonse likhale ndi chimbudzi, chivindikiro, mpondagiya, thandala ndi dzala. Kuyambira 2008, pamene njira yodzutsa mudzi wonse kuti uleke kuchita chimbudzi patchire inafika m'dziko muno, mafumu ambiri alandira ziphaso zosonyeza kuti midzi yawo yasiya mchitidwewu. Ntchito imeneyi ndi yaikulu ndipo yapulumutsa miyoyo. Komabe chiphasocho chimanena za kumene munthu amakhala akafuna kudzithandiza. Sichinena kumene zonyansazo zimathera.

Kuyeretsa madzi oipa n'kutani?

Madzi a suweji amanyamula zinthu zinayi zovuta. Choyamba ndi zolimba zimene zimatha kudikha pansi madzi akaima. Chachiwiri ndi zinthu zowola, zimene zikalowa mumtsinje zimamaliza mpweya wa m'madzi mpaka nsomba kufa ndipo mtsinje n'kuyamba kununkha. Chachitatu ndi tizilombo toyambitsa kolera, tayifodi ndi kamwazi, pamodzi ndi mazira a njoka za m'mimba. Chachinayi ndi michere ngati ya mu feteleza, imene m'munda ndi dalitso koma m'nyanja imameretsa namasupuni ndi ndere.

Ntchito yaikulu yochotsa zinthu zowolazo sigwiridwa ndi makina kapena mankhwala. Imagwiridwa ndi mabakiteriya amene amadya zonyansazo. Kusiyana kwa njira zonse zoyeretsera kwagona pa mmene tizilomboti timapatsidwira mpweya ndi nthawi. Ukafuna kuti timalize ntchito m'maola ochepa pa malo aang'ono, uyenera kutipopera mpweya ndi magetsi usana ndi usiku. Ukalola kuti dzuwa ndi mphepo zigwire ntchitoyo, sulipira magetsi koma umafunika malo aakulu ndi masabata angapo. Palibe njira yaulere. Ina imadya magetsi, ina imadya malo, ina imadya thukuta la anthu. Kusankha bwino ndi kudziwa chimene dera lingathe kulipira chaka ndi chaka popanda kupempha.

Phunziro lili pafupi, ku Blantyre

Anthu a ku Chiradzulu safunika kupita kutali kuti aone zimene zimachitika funsoli likayankhidwa mothamanga. Mzinda wa Blantyre uli ndi malo asanu oyeretsera suweji: la Blantyre ku Manase, la Soche ku Zingwangwa, la Limbe, la Chirimba ndi la Maone. La Soche linamangidwa m'zaka za m'ma 1950, dziko lino lisanalandire ufulu. Mapaipi a mzindawu amafikira munthu mmodzi yekha mwa anthu pafupifupi 10 alionse. Otsalawo, ku Ndirande, Bangwe, Mbayani ndi madera ena, amadalira maenje ndi masepitiki thanki, chimodzimodzi ndi anthu a pa Ndunde.

Mbiri ya malowa ndi yodziwika. Mapampu akawonongeka amakhala nthawi yaitali osakonzedwa. Zitsulo ndi zivindikiro za m'misewu zimabedwa n'kukagulitsidwa. Mapaipi akaphulika, suweji imalowa m'mitsinje ya Mudi ndi Naperi isanafike n'komwe kumene ikanayeretsedwa. Ena mwa malowa akhala zaka osagwira ntchito, ndipo akatswiri a ku Polytechnic, imene tsopano ndi MUBAS, akhala akusonyeza kuti madzi otuluka m'malowa nthawi zambiri amapitirira malire amene Malawi Bureau of Standards inaika. Mu 2023 Banki Yaikulu Padziko Lonse inavomereza ndalama zokonzera madzi ndi suweji mumzindawu, monga inachitira ku Lilongwe mu 2017, kumene madamu a suweji a ku Kauma anakonzedwanso n'kukulitsidwa.

Amene anamanga malowa sanali mbuli. Mapulani ake anali abwino papepala. Chimene chinasowa ndi ndalama ya tsiku ndi tsiku: ya girizi, ya mabelingi, ya mlonda, ya mafuta a galimoto yoyendera mapaipi. Ngati khonsolo ya mzinda, imene imatolera msonkho kwa makampani ndi mahotela, imalephera kusenza katundu ameneyu, khonsolo ya boma la kumudzi, yodalira ziphaso za m'misika ndi thandizo lochokera ku Capital Hill, ingamuthe bwanji?

Njira zimene zilipo, ndi mtengo wa iliyonse

Njira yofala m'mizinda ya ku Ulaya ndi America imatchedwa activated sludge. Anaitulukira Edward Ardern ndi William Lockett ku Manchester mu 1914. Imayeretsa bwino pa malo aang'ono, koma makina opopera mpweya akaima kwa nthawi yaitali, mabakiteriya aja amafa ndipo pamatenga masabata kuti ntchito iyambirenso bwino. Tikumbukire kuti mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Tikumbukirenso kuti kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo chipangizo chilichonse cha makinawa chimagulidwa ndi ndalama zakunja. Masiku ano ogulitsa amabweretsa makina otere atalongedza mu kontena, okongola ndi osavuta kuimika. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere: tsiku loyamba madzi amatuluka oyera, koma bilu ya magetsi ndi katswiri wochokera ku Johannesburg zimabwera pambuyo.

Njira yachiwiri ndi madamu, ngati a ku Kauma ndi ku Limbe, kapena a ku Dandora mumzinda wa Nairobi. Madzi amayamba alowa m'damu lakuya mamita atatu kapena anayi, mmene zolimba zimadikha n'kuwola popanda mpweya. Kenako amapita m'damu lotambalala losaya kwambiri, mmene ndere zimapanga mpweya ndi kuwala kwa dzuwa. Pomaliza amadutsa m'madamu ena osaya, mmene dzuwa limapha tizilombo ndipo mazira a njoka za m'mimba amamira. Pa nkhani yopha tizilombo, madamu osamalidwa bwino amaposa makina ambiri okwera mtengo, ndipo Pulofesa Duncan Mara wa ku yunivesite ya Leeds anatha zaka zambiri akulimbikitsa maiko otentha kuti aziyamba aganizira njirayi. Ntchito yake ndi ya chikwanje, khasu ndi wilibala: kutchetcha udzu wa m'mbali kuti udzudzu usaswane, kuvuula zoyandama, ndi kuchotsa matope pakapita zaka.

Koma ku Chiradzulu madamu ali ndi zopinga ziwiri. Choyamba ndi chiperoni. Tizilombo todya zonyansa timachita ulesi kukazizira, choncho kukula kwa damu kumawerengedwa potengera mwezi wozizira kwambiri. Damu lokwanira ku Nsanje lingachepe kumapiri kuno mu Juni ndi Julayi. Chachiwiri ndi malo. Kuno ndi kwawo kwa John Chilembwe, kumene nkhani ya malo ndi thangata inafika pokhetsa mwazi mu 1915, ndipo mpaka lero munda ndi nkhani yosaseweretsa. M'midzi yambiri ya chikamwini malo ali m'manja mwa mbumba. Amene akufuna maekala a madamu ayenera kukhala pansi ndi amayi eni nthaka, osati ndi mfumu yokha, ndipo chipukutamisozi chiyenera kulowa mu bajeti kuyambira pachiyambi.

Njira yachitatu ili pakatikati, ndipo ndi imene ikuoneka yoyenera malo ngati chipatala chaching'ono, sukulu yogonera konko kapena zimbudzi za pamsika. Bungwe la BORDA la ku Bremen ku Germany laifalitsa m'maiko ambiri pansi pa dzina la DEWATS. Ndi thanki ya njerwa ndi simenti yokwiriridwa pansi, yogawidwa zipinda zingapo. Madzi amatsika n'kukwera, kutsika n'kukwera, kudutsa m'matope okhala ndi mabakiteriya m'chipinda chilichonse. Akatuluka amalowa m'bedi la miyala ing'onoing'ono lobzalidwa bango kapena zomera zina za m'dambo, n'kumayenda pansi pa miyalayo osaonekera, kotero kuti udzudzu supeza poikira mazira. Pamalo otsetsereka, ngati ambiri a ku Chiradzulu, madzi amayenda okha popanda pampu. Mmisiri womanga nyumba wa m'deralo angathe kuimanga atalangizidwa bwino. Kufooka kwake n'kwakuti sipha tizilombo tonse, choncho madzi ake ndi othirira nthochi, mitengo ndi udzu wa ziweto, osati letesi kapena tomato wodyedwa wosaphika.

Kumene kuli anthu ambiri pamalo amodzi, thanki yoyamba ingamangidwe mozungulira ngati chiphika chovundikira kuti igwire gasi wophikira. Ndende za ku Rwanda zinachita zimenezi kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 ndipo zinachepetsa kwambiri nkhuni zimene zinkagula. M'boma limene mapiri ake ayera chifukwa cha kudula mitengo, phindu limeneli ndi looneka ndi maso, ndipo chinthu chopatsa phindu looneka sichisowa wochisamala.

Pachipatala pamafunikanso kusamala kwina. Madzi ochokera kochirira amayi ndi ku labotale sayenera kusakanizidwa mwachisawawa ndi a m'khitchini, ndipo klorini wambiri akathiridwa mu sepitiki thanki amapha mabakiteriya omwe amagwira ntchitoyo. Pa nthawi ya kolera, zonyansa za odwala zimathiridwa mankhwala pazokha zisanatayidwe m'dzenje lake lapadera.

Dzenje nalonso ndi luso

Ngakhale patamangidwa zonsezi, mabanja ambiri a pa Ndunde adzapitiriza kugwiritsa ntchito chimbudzi chokumba kwa zaka zambiri zikubwerazi, ndipo palibe chochititsa manyazi pamenepo. Nzeru zambiri zokonzera chimbudzichi zinabadwira kuno kummwera kwa Africa. Chimbudzi chokhala ndi paipi yotulutsa fungo ndi kukola ntchentche anachikonza Peter Morgan ku Blair Research Laboratory ku Zimbabwe m'zaka za m'ma 1970. Silabu ya simenti yopanda zitsulo inayambira ku Maputo, ndipo Björn Brandberg, amene anaiyambitsa, anadzaichepetsa kuno ku Malawi kukhala sanipulati imene ambiri tikuidziwa. Yunivesite ya Mzuzu yaphunzitsa amisiri kuwaka dzenje mozungulira ndi njerwa, lopanikiza kumwamba, kuti lisagumuke mu nthaka ya mchenga ngakhale popanda simenti.

Malamulo ake ndi osavuta kuwakumbukira. Dzenje likhale mamita osachepera 30 kuchokera pa chitsime kapena mjigo, ndipo likhale kumunsi kwake. Pansi pa dzenje pasafike pamene madzi a pansi pa nthaka amakwera m'dzinja. Apa m'pamene kudziwa nthaka kumafunika, chifukwa Chiradzulu si wofanana ponseponse. Pa katondo madzi amalowa pang'onopang'ono n'kusefeka. Pa makande a m'madambo amangoima, ndipo dzenje lomwetsa madzi a sepitiki thanki limasefukira mvula yoyamba. Pamwala dzenje silikumbika n'komwe. Malo otere amafuna chimbudzi chomangidwa pamwamba, ngati Skyloo, kapena cha maenje awiri osaya ogwiritsidwa ntchito mosinthana, chotchedwa Fossa Alterna, mmene munthu amathira phulusa ndi dothi akamaliza. Manyowa ake ndi abwino, makamaka pamene thumba la feteleza lakwera mtengo chonchi, koma mazira a njoka za m'mimba ndi ouma mutu. Bungwe la zaumoyo padziko lonse limalangiza kuti m'madera ofunda manyowawa asungidwe kupitirira chaka asanapite kumunda, ndipo wofukula avale magolovesi ndi nsapato.

Pamalo a malonda, pamene malo okumba dzenje lina atha, chotsala ndi kupopa. Galimoto yopopa yochokera ku Limbe kapena Blantyre imalipiritsa mtunda, ndipo ambiri sangakwanitse. Opopa pamanja amagwira ntchitoyi usiku, ndi ndowa, popanda zodzitetezera, ndipo zonyansazo zimathera m'dzenje losaya kapena mukhwawa. Ku Blantyre ndi Mzuzu achinyamata ena anaphunzitsidwa kugwiritsa ntchito pampu yamanja yotchedwa Gulper ndi migolo yotsekeka. Ku Kanyama, mumzinda wa Lusaka, anapita patsogolo: cha m'ma 2013 anamanga malo olandirira matope a m'zimbudzi pafupi ndi anthu, okhala ndi thanki ya gasi ndi mabedi oumitsira matopewo padzuwa, ndipo opopa analembedwa ntchito yovomerezeka pansi pa Kanyama Water Trust. Kwa Ndunde, Namitambo, Mbulumbuzi kapena Namadzi, mabedi ochepa oumitsira matope, otchingidwa ndi mpanda komanso denga, angathandize anthu ambiri kuposa mapaipi a suweji amene angafikire nyumba zowerengeka.

Nzeruyi si yachilendo kwa ife

Dziko lino linayamba kale kusankha luso poyang'ana amene adzalisamale. Mu 1968 ku Chingale, m'boma la Zomba, anthu anakumba okha ngalande za mapaipi otenga madzi m'phiri popanda injini, ndipo njirayi inafalikira ku Mulanje ndi Phalombe mpaka maiko ena anabwera kudzaphunzira. Pampu ya Afridev, imene ili pa mijigo yambiri m'dziko muno, inachokera ku pampu ya Maldev imene inayesedwa ku Livulezi m'boma la Ntcheu kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Cholinga chake chinali chakuti komiti ya m'mudzi izitha kusintha marabala ndi sipanala imodzi, ndipo zipangizo zake zizipezeka mugolosale. Ngakhale Blantyre Water Board, itatopa ndi mabilu a magetsi opopera madzi kuchokera ku Walker's Ferry pa Shire, inakatenga madzi ku Likhubula m'phiri la Mulanje n'kumanga malo owayeretsera ku Nguludi, m'boma lomweli la Chiradzulu.

Pa zaumoyo, Chiradzulu anaphunzitsa Africa yense. Mu 2001 bungwe la Médecins Sans Frontières linayamba kupereka ma ARV pachipatala cha boma lino, pa nthawi imene ambiri ankati mankhwalawa sangatheke kumudzi popanda madokotala ambiri ndi makina odula. Chimene chinatheketsa ntchitoyi ndi kuifewetsa, kuitsitsira ku zipatala zing'onozing'ono za m'madera, ndi kuisiya m'manja mwa anamwino ndi alangizi amene analipo kale. Mankhwala anali omwewo, koma dongosolo lake linamangidwa pa anthu ndi zipangizo zopezeka pamalopo.

Mafunso oyenera kufunsa mwala wa maziko usanaikidwe

Malamulo alipo. Panakhazikitsidwa ndondomeko ya zaukhondo ya 2008, lamulo la madzi la 2013 limene limafuna chilolezo munthu asanatayire madzi oipa mumtsinje, ndi lamulo la zachilengedwe la 2017. Koma lamulo silitchetcha udzu pa damu. Zimenezo zimachitika ngati khonsolo, komiti ya chitukuko ya dera ndi komiti ya chipatala kapena ya msika zagwirizana za munthu wodziwika dzina, malipiro ake ndi thumba limene malipirowo azichokera.

Choncho tsiku limene bungwe kapena kontirakitala adzafike pa Ndunde ndi mapulani, mafumu ndi makhansala asadzathamangire kufunsa kuti makinawo achokera dziko liti. Adzafunse kuti magetsi akazima masiku atatu chidzachitike n'chiyani. Adzafunse ngati chipangizo chothyoka chingapezeke ku Limbe ndi makwacha. Adzafunse kuti matope adzachotsedwa liti, ndi ndani, n'kupita nawo kuti. Adzafunse ngati nthaka yayesedwa mu Febuluwale, madzi a pansi atakwera, osati mu Okutobala. Adzafunse kuti madzi otulukawo adzadutsa m'dimba la yani, ndipo ana amasamba pati kumunsi kwake. Koposa zonse, adzapemphe kuti pambali pa mtengo womangira palembedwe mtengo woyendetsera chinthucho kwa zaka 10, ndi dzina la ofesi imene yavomera kuulipira. Wopereka thandizo amene sangathe kulemba nambala yachiwiriyo sanamalize pulani yake, ndipo anthu a pa Ndunde ali ndi ufulu womuuza mwaulemu kuti akaimalize kaye.